Nkhodolero

Bambo anga amamanga zigafa za fodya kwa Chinkhoma.
Akamakwirira mphanda amakonda kunena kuti
denga limatamidwa, koma wosenza ndi mtengo.
Ine ndimamanga pa laputopu ya kaunjika,
yong'aluka pakona, batire lomangira mphira,
ndipo mphanda zanga anadula ndi anthu ena
amene nkhope zawo sindidzaziona.

Chimango anachisiya poyera, osakhoma loko.
Tenga, anatero, manga chimene ukufuna,
ukapeza chiswe udzatiuze.
Khomo lolowera ndi mawu achinsinsi lilimo kale,
mashelefu osungira mayina alimo kale,
changa kunali kufolera.

Ndinafolera kaundula wa kalabu yathu ya soya:
alimi makumi anayi ndi awiri,
dzina, tsiku, makilogalamu, mtengo,
kuti venda wa sikelo yofinya uja
asadzatiuzenso kuti thumba la fifite lalemera fote.

Lachitatu, pansi pa mthethe wa kumsika,
mayi Nang'omba analemba dzina lawo pa foni
ndi chala chochekeka ndi makoko,
n'kudina.
Tsamba linangoti mbee.
Analembanso pang'onopang'ono, lilime lili pamlomo.
Mbee.
Wina kumbuyo anatsokomola chiseko.
"Makina ako akundikana," anatero,
"ngati aja a makuponi chaka chatha."
Foni anaimanga pansonga ya chitenje.
Matumba awo asanu ndi awiri
anakwera njinga ya venda dzuwa lisanalowe.

Magetsi anathima sabata imeneyo.
Ndinakabisala m'babashopu ya Zikomankhani, pali sola,
tsitsi la eni ake likundimata kumapazi,
masiku atatu ndikutsata mzere ndi mzere
ngati wosaka nkhuku yoikira kutchire.
Ndinachipeza usiku wachitatu:
kachizindikiro kolendewera pakati pa g ndi o,
kochepa kuposa nthata,
chimango chinkakaona ngati mpeni wa wakuba
n'kutseka zitseko zonse.

Amisiri aja sanali oipa mtima.
Sanawetepo ng'ombe m'chilankhulo chathu,
sanaimbe ng'oma, sanathawe ng'ona,
sanapemphepo mchere pang'ono.

Ndinakonza. Mizere inayi yokha.
Kenaka ndinakhala ndikuyang'ana batani lotumizira
mpaka Zikomankhani anayamba kusesa.
Ndine yani ine, wa satifiketi ya ku Kasungu boma,
kukaongola mphanda ya anthu ophunzira?
Bandulo inatsala ya mphindi zochepa.
Ndinatumiza ndi maso otsinzina.

Yankho linafika tambala woyamba asanalire,
kuchokera kwa munthu wa kudziko lozizira
amene dzina lakenso sinditha kulitchula.
Sanandifunse sukulu. Sanandifunse kwathu.
Anati: lembanso kamayeso,
kuti wobwera mawa asadzathyole pomwepa.
Kamayeso kanafuna dzina lachitsanzo.
Ndinalemba lomwe linkandisowetsa tulo.

Tsopano kulikonse kumene munthu akhudza chimangochi,
m'maofesi a magalasi, m'mizinda ya sitima zapansi,
makina amayamba aitana mayi Nang'omba,
akavomera, ntchito ipitirire.

Ndinawapeza akupeta Loweruka.
Ndinawafotokozera zonse, mwina mothamanga.
Anauzira mankhusu, osandiyang'ana.
"Ndiye kuti andidziwa kunjako?"
Ndinati eya, mwa njira ina.
"Nanga makilogalamu anga makumi asanu ndi awiri
amene anadya venda, abweza ndi iwowo?"

Ndinalibe mzere wokonzera zimenezo.

Anapukuta dzanja pachitenje, n'kumasula mfundo ija.
Analemba dzina lonse, nkhodolero ili pamalo pake.
Tsamba linati: mwalandiridwa.
Anangoti mhm,
n'kufunsa ngati mtedza nawonso ulowamo.

Madzulo ndinawauza bambo.
Anali pamwamba pa chigafa cha eni, luzi kukamwa.
Analavula luzi n'kuti,
"Mtengo wobwereka ukaubweza uli wosenda,
mwini nkhalango amakuitananso."
Kenaka anati ndiwaponyere chikwanje.